Kotayako N'kuti?

Mu Grimsby muno, pa Freeman Street,
mafuta amayamba kuzizira ikakwana leveni usiku.
Ndimazimitsa moto, n'kuvula epuloni yonunkha nsomba,
n'kutuluka ndi tsache.
Mphepo ya ku Humber imakhala itandiyambira kale ntchito
koma imasesa ngati mwana wokakamizidwa:
kuchotsa pakhomo pathu, kukaunjika kwa ometa tsitsi.

Zaka zitatu ndinkatsekera chakudya m'timabokosi toyera,
topepuka ngati thovu la sopo,
tolira kwii ukamatitseka.
Munthu amadya chiimirire, foni ili kukhutu,
anyambita mchere kuzala, uyo wapita.
Kabokosi katsala.
Kadzaona maliro a wodyayo,
kadzaonanso a mdzukulu wake,
kali mbee, kopanda ndi khwinya lomwe.

Lamulo litafika loti toyerato basi,
a Haldenby, eni malo, anakhala pa thumba la mbatata
ndi pensulo yotafunidwa kumutu.
"Lapepala likudula ndi mapeni asanu ndi limodzi, Ndaziona.
Uchulukitse wekha ndi mzere wa Lachisanu."
Sanakwiye. Anangoyang'ana kudenga
kumene mafuta a zaka makumi atatu anajambula mapu.

Apepala anabwera, ofiirira ngati katoni ya shuga.
Sabata yoyamba viniga anaboola pansi pa limodzi,
tchipisi cha mnyamata wa ndolo chinagwera pa nsapato zake zatsopano,
ananditukwana ine, ngati ndine ndinalemba lamulo.
Mwana wa sukulu anati foloko yamtengo
ikukoma ngati rula.
Ndinaseka. Sankanama.

Mayi Tasker okha sanaone kusintha.
Lachisanu lililonse amabwera ndi mbale yawo yachitsulo
yosupuka m'mphepete, ndi kansalu kovundikira.
Sanayambe alalikirapo za nyanja kapena za dziko.
Amangoti tchipisi chimachita thukuta m'bokosi,
ndipo malemu amuna awo, msodzi, sankadya chakudya cha thukuta.
Ndikawathirira, amagwira mbaleyo ndi manja awiri
ngati munthu wonyamula makala opempha.

Ine ndimakumbuka chiwaya cha pa Mchesi:
unkadyera pomwepo, m'mbali mwa chitsulo,
kamtengo kosongola m'manja, kabichi ndi tsabola pambali,
ukamaliza wotsuka ndi mafuta omwewo.
Koma ndisadzitame.
Kwathuko timajumbo tabuluu tinabwera,
tinamera pa minga ngati maluwa osafota,
mbuzi ya asisi anga inafa mimba ili tototo,
ataing'amba anapezamo msika wonse.

Usiku uno nkhandwe ya mu tauni, yowonda, yosaopa munthu,
yakoka bokosi lapepala pansi pa benchi.
Mvula ikaligwira, mawa lidzakhala phala,
mkuja lidzakhala dothi, kapena pafupi ndi dothi.
Koma chivindikiro cha kapu chikugubuduka chokha kulowera kudoko,
timapaketi ta sosi tamata pa msewu ngati nkhupakupa.
Nkhondoyi sinathe, yangosintha malaya.

Ndiye pali nkhani ya chipinda chapansi.
Muli toyera zikwi zitatu totsala,
tomangidwa m'mapulasitiki, tosagwirapo mafuta.
Kugulitsiramo n'koletsedwa. Kuwola sitidziwa.
Dzulo a Haldenby anati, "Ukatitaye."
Ndinafunsa kuti kuti.
Anatambasula dzanja kuloza panja,
dzanjalo linazungulira, linasowa poima,
analibweza m'thumba.

Ndanyamula mtolo woyamba kukwera nawo masitepe.
Ndi wautali kuposa ine,
koma ndaugwira ndi zala ziwiri.
Kwathu katundu wolemera umamudziwa pakhosi,
umatula, umapuma, umaitana wina akusenzetse.
Uyu salemera n'komwe.
Ndaima naye pakhomo, mphepo ikumukoka,
mbalame zakunyanja zikundiyang'ana padenga la basi,
ndipo sindinasunthe.